Aphunzitsi alemba "unconcerned" pa lipoti la mwana: ndi mphwayi kapena kudekha?

WowotchereraWakuKalingalinga:

Muli bwanji nonse. Ine ndimawotcherera zitsulo, ndimapanga mageti ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga. Chingerezi cholankhula ndi makasitomala ndimachitha, koma cha aphunzitsi chandikanika, n'chifukwa chake ndabwera kuno.

Ndikusunga mwana wa mlongo wanga. Anachokera ku Katete atalemba Giredi 9, bambo ake atamwalira, ndipo pano ali Giredi 11. Mukudziwa kuti kwa ife Achewa mwini mbumba ndi malume, choncho za sukulu yake zili pamutu panga. Lipoti la teremu yathayi labwera. Masamu 61, Chingerezi 44, Biology 39, zinazo zili cha pakati pomwepo. Pansi, pamene aphunzitsi a kalasi amaika ndemanga, alemba mawu atatu okha: "Capable but unconcerned."

Loyambalo ndalimva, akuti nzeru anazo. Lomalizalo ndilo latigawanitsa pakhomo. Mayi a kunyumba akuti palibe chofunsa, ndi mphwayi basi, mwanayo akhaulitsidwe. Mnyamatayo akuti ayi, aphunzitsi akutanthauza kuti iye sachita mantha ndi mayeso monga anzake, ndipo wandionetsa pa foni pamene alemba kuti "not worried". Akuti ndimuyamikire.

Chimene chikundizunguza ine n'chakuti Loweruka amabwera kudzandithandiza kuntchito, ndipo kumeneko si mwana wamphwayi. Akagwira tepi amayeza, n'kuyezanso, asanadule chitsulo. Geti lina linapendama pang'ono pakona, mwini wake sanaone n'komwe, koma iye anakana kuti likwere galimoto mpaka titalidula n'kuwotchereranso. Magetsi akazima amatenga sandpaper n'kumapala dzimbiri osauzidwa. Ndiye munthu yemweyo kusukulu akhale wosalabadira?

Amene mumadziwa Chingerezi, mawu amenewa ndi chidzudzulo kapena chiyamiko? Ndikufuna ndidziwe ndisanatsegule pakamwa.

MphunzitsiWopumaWakuMatero:

A Malume, mwachita bwino kufunsa musanathyole kamtengo.

Mwana wanuyo sananame, koma wakuuzani theka limene likumukomera. Tsinde la mawuwa ndi "concern", ndipo limagwira ntchito pawiri. Kwina limanena za nkhawa. Munthu akati "I am concerned about her health" ndiye kuti akudera nkhawa za umoyo wa mnzake. Kwina limanena zakuti nkhaniyo ndi ya yani. Makalata aja timalembetsa pofuna ntchito amayamba ndi "To whom it may concern", kutanthauza aliyense amene nkhaniyi ikumukhudza. Bwana akakuuzani kuti "this does not concern you", akukuuzani kuti izi si zanu, pitirizani ulendo. Ka "un" kakutsogoloko n'kokaniza. Choncho munthu "unconcerned" ndi amene sakudera nkhawa, kapena amene akuona ngati nkhaniyo si yake, ndipo nthawi zambiri ziwirizi zimayendera limodzi.

Kuti mudziwe ngati ndi chidzudzulo, funsani kuti nkhaniyo inali ya yani. Khanda likagona tulo tofa nato kunja kukugunda ziphaliwali, Mngerezi angathe kunena kuti lili "unconcerned", ndipo palibe mlandu, mabingu si ntchito ya khanda. Mayi wogulitsa chimanga chowotcha pa Kafue Roundabout sakhudzidwa ndi mzere wa magalimoto, sachedwa kulikonse iye. Koma mlonda amene akuona geti lili pululu usiku n'kumangoseweretsa foni, mawu omwewo akamugwera ndi mlandu, chifukwa getilo ndi lake. Magiredi a mwana ndi a mwana. Ndiye apa ndi chidzudzulo, ndipo ka "but" kali pakatipo ndiko kakuulula zonse. Palibe mphunzitsi amene amayamikira mwana poyamba ndi "koma".

Akadafuna kumuyamikira kuti ndi wodekha akadalemba "calm" kapena "confident". Akadaona ulesi akadalemba "lazy". Akadaona kulemba mwachisawawa, kudumpha mafunso, kuiwala dzina papepala, akadalemba "careless". Iwo asankha mawu ena, ndipo m'Chichewa chathu ine ndingati "salabadira", kapena monga timanenera tikakwiya, "alibe nazo ntchito". Mphwayi za mayi a kunyumba zayandikira, kungoti mphwayi zimakhala ndi kaulesi mkati, pamene munthu wosalabadira angathe kukhala wakhama kwambiri pa zinthu zina. Geti lija ndi umboni.

Chinanso chimene ndinazindikira ndikulemba malipoti: mawuwa amakonda kuyenda ndi "seems", "looks", "appears". Amanena zimene woonayo waona pankhope, osati zimene zili mumtima. Ndipo kumbukirani mmene makalasi alili. Kuyambira Januwale 2022 pamene maphunziro anakhala aulere mpaka Giredi 12, ana anabwerera kusukulu ochuluka zedi, chinthu chabwino ndithu. Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho, koma m'masukulu a m'makomboni kalasi imadzazabe mpaka kukhomo. Mphunzitsi wotere sadziwa mtima wa mwana aliyense. Amaona amene wakweza dzanja, amene wabweretsa homuweki, amene wasintha nkhope atalandira pepala. Pitani mukawafunse kuti anaona chiyani kwenikweni. Musakafunse tanthauzo la mawu, mukafunse zochitika.

Ndipo ine chimene chikundidetsa nkhawa si ndemangayo, ndi 44 ya Chingereziyo. Pa mayeso a Giredi 12 a Examinations Council of Zambia, kirediti ndi giredi 6 kapena kuposera apo kupita ku 1, imene ndi giredi yapamwamba kwambiri. Ku yunivesite ya UNZA amafuna makirediti asanu ndipo Chingerezi chikhalepo. Makoleji ambiri nawonso amayang'ana pomwepo. Ndaona ana a masamu abwino akubwerera kukalemba mayeso obwereza a GCE chifukwa cha phunziro limodzi lomweli.

MwanaWakuMkaika:

A Malume, ine ndiyankhe ngati munthu amene anakwera basi yomweyo ya Great East Road n'kutsikira pa Intercity ndili mtsikana wa sukulu.

Aphunzitsi a ku Matero afotokoza bwino za mawuwo, ine ndilibe chowonjezera. Koma taganizirani mmene tinaleredwera kwathu. Wamkulu akamakudzudzula umazyolika, maso pansi, manja kumbuyo kapena pamiyendo. Suyankha. Ukayang'ana wamkulu m'maso akukulankhula, agogo amati mwanayu ndi wamwano. Ukalira amati ukufuna kuti akuleke. Ndiye timaphunzira kuimika nkhope, kumva zonse, n'kunena "inde" kamodzi pamapeto. Kuno ku Lusaka mwana wobadwira m'tauni akalandira 39 amafuula, amathamangira kutebulo la aphunzitsi kukatsutsa kuti funso lachitatu munandichongera molakwa. Aphunzitsi amati uyu ndiye akusamala. Wa ku Katete amapinda pepala, maso pansi, chete. Amati uyu alibe nazo ntchito. Ine aphunzitsi ena anandifunsapo pamaso pa kalasi ngati pansipo pali ndalama imene ndikuyang'ana.

Palinso china chimene mwina simungachione chifukwa ndinu mwini nyumba. Mwana wosungidwa amaphunzira msanga kusaonetsa. Ngakhale malume akhale abwino chotani, iye amadziwa kuti nsima akudyayo inawerengedwa popanda iye. Sapempha ndalama ya buku. Sanena kuti sakumva phunziro, chifukwa akanena mudzafuna kumulipirira ma tuition, ndipo iye wamva kale mukudandaula kuti magetsi akuvuta, ntchito yaima. Bambo ake anamwalira, mayi ake ali kutali, akadandaule kwa yani? Ndiye amavala nkhope yakuti zonse zili bwino. Zoti "sindichita mantha ndi mayeso" zija ine sindikuzikhulupirira. Ndi mawu a munthu amene sakufuna kukhala mtolo.

Musamufunse muli pampando iye ataima. Mufunseni manja ali pa ntchito.

NamwinoWaUsiku:

Moni a Malume ndi nonse. Mawu amenewa ife anamwino amatigwera kawirikawiri, ndiye ndilankhuleko.

Nthawi ya kolera ija, imene inayamba mu Okutobala 2023 n'kufika poipa mu Januwale 2024, mukukumbukira kuti bwalo la National Heroes analisandutsa malo ochiritsira, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale anakatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Ine ndinali pa chipatala china cha m'komboni. Munthu wa kolera amatha madzi m'thupi mofulumira kwambiri, mitsempha imabisala, ndipo kuti upeze pobaya diripi pamafunika dzanja losanjenjemera. Ukamagwira ntchito imeneyo sulankhula zambiri, sukweza mawu, nkhope imakhala yowuma. Achibale ali pawindo amaona nkhopeyo n'kumati anamwino awa alibe chisoni, m'bale wathu akufa iwo ali phee. Wina analemba m'buku la madandaulo kuti tinali "unconcerned". Sindinamuimbe mlandu, anali ndi mantha. Koma chikhala kuti ndinayamba kulira naye limodzi, singano ija sikadalowa.

Kusalabadira kwenikweni ine ndinakuona kwina, ndipo kunalibe nkhope yowuma. Kunali kwa anthu oseka bwino, opereka moni. Munthu akutaya matewera ndi mapepala apulasitiki mu ngalande usiku, ukamufunsa akuti za khonsolo izo. Mwini nyumba za lendi akukumba chimbudzi pafupi ndi chitsime chosaya chimene alendi ake amamwa, chifukwa iye amakhala kwina ndipo amamwa madzi a m'botolo. Ku Kanyama mvula ikagwa madzi salowa pansi msanga, thanthwe lili pafupi, ndiye za m'chimbudzi ndi za m'chitsime zimakumana. Aliyense amadziwa zimenezi, zinachitikanso mu 2017 ndi 2018 mpaka asilikali analowa m'tauni kukayeretsa ndipo ogulitsa m'misewu anachotsedwa. Klorini ankagawidwa, ena ankachapira zovala. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma mawuwa timawakumbukira pamaliro pokha.

Ndiye ine ndikamva kuti wakutiwakuti salabadira, nkhope yake sindiyiwerengera. Ndimafunsa kuti chimene anayenera kuchita wachita kapena ayi. Kwa mwana wanuyo funso ndi lomwelo. Homuweki amapereka? Zimene walakwa amakonza? Ngati amachita, aphunzitsi awerenga nkhope molakwa. Ngati sachita, kuzyolika kwa ku Katete sikungamuwombole.

WapaKulimaTower:

Ba Malume, ine sindinapite patali ndi sukulu, ndakhala pa khomo la minibasi zaka zambiri, manje ndili ndi kantemba. Koma ndikuona ngati anthu akumukometsera mwanayu.

Mwana si wopusa. Ali ndi maso. Akamapita kusukulu amadutsa timabutu ta mobile money tambirimbiri, ndipo amadziwa kuti okhala mkatimo ena ali ndi Giredi 12 yabwino, ena ndi madipuloma. Loweruka amabwera kwa inu, amaona geti limodzi likutuluka, kasitomala akuwerenga ndalama m'manja mwanu pomwepo. Mukuganiza kuti m'mutu mwake akuwerengera chiyani? Anasankha kale. Biology ya chule ndi maluwa waiika kumbali, mtima uli pa grinder. Aphunzitsi aja sanalakwitse, aona zoona. Za sukulu alibe nazo ntchito chifukwa waona kuti si kumene kudzachokere nsima yake.

Ndipo tauni ino imaphunzitsa zimenezo msanga. Pa siteshoni munthu akamuthyolera foni, anthu amangosuntha pang'ono kuti wakubayo adutse bwino. "Si zanga." "Zako izo." Ukakhala kuno chaka chimodzi umadziwa kusankha zimene ukuona ndi zimene sukuona. Mwanayo wangotengera nzeru yomweyo kukalasi.

Ine ndikanakhala inu sindikanalimbana naye. Amalize Giredi 12, inde, pepala ndi pepala. Koma muyambe kufunsa za makoleji a ntchito zamanja amene ali pansi pa TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a luso, akatenge satifiketi ya zitsulo zomwezo. Ku CDF, ndalama za boma zotukulira madera a aphungu, kulinso thandizo la ana ofuna maphunziro a luso, kuyambira pamene ndalamazo zinakwezedwa mu 2022. Mukafunse ku ofesi ya wadi yanu. Wowotcherera wa pepala amalowa m'migodi ndi m'makampani a zomangamanga, sakhalira mageti okha.

MwanaWakuMkaika:

Ba Kulima Tower, mwana wa zaka zimenezo asankhe yekha kuti Chingerezi si chake, akuluakulu n'kumuwombera m'manja? Satifiketi mukunenayo mayeso ake amalemba m'chinenero chanji?

WowotchereraWakuKalingalinga:

Zikomo nonse, ndawerenga zonse, zina mobwereza.

Ndinapita kusukulu monga ananenera Aphunzitsi a ku Matero, ndipo ndinafunsa zochitika. Aphunzitsi ake ndi mayi wachikulire ndithu, wolankhula mosazungulira. Akuti mwanayo savuta, sachedwa, sacheza m'kalasi. Koma akabweza mapepala n'kunena kuti aliyense akonze zimene walakwa abweretse mawa, iye sabweretsa. Composition amalemba theka la tsamba n'kuima, pamene anzake amadzaza masamba awiri. Akamuitana kuti afotokoze amangoyang'ana pansi n'kunena "yes madam", mawa chimodzimodzi. Anandionetsa kope lake. Koma anatinso aphunzitsi a masamu amamutchula mosiyana, akuti pa zoyezayeza ndi ma angle amafunsa mafunso mpaka belu kulira. Nditawauza za kuzyolika kwa kwathu anaseka, akuti iwonso ndi a ku Chadiza, amakudziwa bwino, ndipo si chimene analembera mawu aja. Analembera makorekishoni.

Ndiye Anamwino, funso lanu layankhidwa, ndipo silinamukomere.

Mnyamatayo ndinamufunsa tikupaka penti ya pansi pa mafelemu, monga ananenera Achemwali a ku Mkaika. Poyamba anayankha zomwe ananena a pa Kulima Tower, pafupifupi mawu omwewo: composition idzandithandiza chiyani pa chitsulo? Ndinamusiya, tinapitiriza kupaka. Patapita nthawi anati buku la Chingerezi limene anzake amawerengera alibe, amabwereka, ndipo mwini wake amalifuna madzulo. Ndinati bwanji sunanene? Anati munali mutangolipira lendi ya pano. Choncho nonse awiri munalasa, ndipo sindikudziwa kuti chinayamba n'chiti, kusowa buku kapena kutaya mtima.

Bukulo ndagula. Ndamupatsanso ntchito ina: ma quotation onse a makasitomala azilemba iye, m'Chingerezi, ndi kalata yake yapamwamba yofotokoza ntchito. Ine ndimangolemba manambala pakapepala, ndipo pali makampani amene anandibwezapo chifukwa cha zimenezo. Yoyamba analemba inali ndi zolakwa zingapo, mwana wa kasitomala anazizunguliza ndi bolopeni yofiira n'kutibwezera. Mnyamata uja nkhope inagwa tsiku lonse, nsima anadya pang'ono. Usiku ndinamuona akuilembanso ndi tochi ya foni. Pepala la aphunzitsi la 44 silinamuchititsepo zimenezo.

Mayi a kunyumba akuti zonsezi ndi mphwayi zomwe ananena zija, tangozipatsa mayina ambiri.

MphunzitsiWopumaWakuMatero:

A Malume, mayiwo musawatsutse kwambiri, pa makorekishoni aja ali ndi mfundo.

Za ma quotation ndazikonda, koma ndikuchenjezeni. Kalata ya bizinesi ndi kachigawo kamodzi chabe ka zimene adzakumane nazo. Pa mayeso pali composition, pali comprehension, pali summary, pali kusintha ziganizo popanda kusintha tanthauzo, ndipo ana ambiri amagwera pa summary ndi pa kusintha ziganizoko. Zimenezo geti silingamuphunzitse. Theka la tsamba lija likundiuza kuti mawu amamuthera, ndipo mawu amabwera ndi kuwerenga. Nyuzipepala yakale imene mumakulungira zitsulo, aziyamba wawerenga nkhani imodzi n'kukufotokozerani m'ziganizo zisanu. Inu simukusowa kudziwa Chingerezi chambiri kuti mumve ngati wagwira mutu wa nkhani.

A pa Kulima Tower ndigwirizana nawo pa za TEVETA, ndi njira yolemekezeka ndipo mwanayu dzanja analo. Pamene ndikusiyana nawo ndi pakuti asiyidwe. Wazaka 17 amaona geti la lero, saona tenda ya mawa imene idzafune kuti awerenge masamba khumi a mgwirizano asanasayine.

Mukapitanso kusukulu mukapemphe chinthu chimodzi chokha kwa mayi a ku Chadiza aja: makorekishoni akabweretsa azisayina, inunso muzisayina pansi pake Lachisanu lililonse. Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo amapezeka m'mashopu a mabuku m'tauni ndipo aphunzitsi ambiri ali nawo, muyambe ndi a Chingerezi Paper 2.